Bala lapola koma munthu wanu sali ngati kale: zolimbitsa mtima ubongo ukavulala

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tikamba za munthu amene anavulala m'mutu, kaya pa ngozi ya kabaza, kaya anagwa padenga akukhoma malata, kaya achiwembu anamumenya, ndiye wagona m'chipatala, watuluka, wafika pakhomo, aliyense akuti eee Mulungu ndi wabwino wachira uyu. Kwa mwiniwakeyo ntchito yeniyeni ikungoyamba kumene.

Bala la panja silichedwa, ulusi achotsa, tsitsi lamera. Ubongo uli ndi nthawi yakeyake. Munthu amatopa asanagwire ntchito iliyonse, zomwe mwamuuza m'mawa masana waiwala, wailesi ikangokwera mutu wayamba, kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, ena amangolira osadziwa chomwe akulilira. Ndiye achibale amayamba kunong'onezana, ati wayamba ulesi, ati amulodza, ati misala. Ayi abale anga. Mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi ndi imene imatithandiza kudziletsa ndi kukonza zochita, ndipo pa ngozi ndi imene imakonda kumenyetseka ku fupa la mutu. Kupsa mtimako ndi kuvulala komweko.

Mukaona m'buku la kuchipatala mwina alembamo GCS ndi nambala. Ndi muyeso wa mmene munthu analiri maso atafika, umayambira pa 3 kulekeza 15. Kuyambira 13 mpaka 15 amati kuvulala pang'ono, koma "pang'ono" ameneyu asakupusitseni, ena chizungulire ndi kuiwalaiwala zimawatenga miyezi.

Nanga chiyembekezo chichokera kuti? Ubongo umatha kupanga njira zatsopano. Zili ngati mlatho ukakokoloka ndi madzi, anthu amayamba kudutsa pena, poyamba kanjira kovuta kaminga, koma akamadutsapo tsiku ndi tsiku kamasanduka msewu. Nchifukwa chake afizo amakubwerezetsani zomwezomwezo mpaka kutopetsa, gwira kapu, imirira, khala, nena dzina la mwana wako. Kusintha kwambiri kumaoneka m'miyezi 6 yoyambirira, koma sikuti kumathera pomwepo, ena amapitirira kusintha kwa zaka.

Pali bambo wina wa ku America, Phineas Gage, amene ophunzira za ubongo onse amamudziwa. Mu 1848 ku Vermont akuphwanya miyala yokonzera njanji, onga unaphulika, chitsulo chotalika kuposa mita chinalowa patsaya nkutulukira pamwamba pa mutu. Sanafe. Dokotala wake John Harlow analemba kuti khalidwe lake linasinthiratu, ndipo ambiri nkhaniyi amaithera pamenepo, zomwe ine zimandinyansa, chifukwa bambo yemweyu patapita zaka anapita ku Chile nkumakayendetsa ngolo ya mahatchi yonyamula anthu, ntchito yofuna kusunga nthawi ndi kulankhula bwino ndi makasitomala. Anamwalira mu 1860 atayamba kugwa khunyu, sitikubisa, koma pakatipo anagwira ntchito nkumadzidyetsa yekha.

Tsono inu amene mukuchira, chimene chimapha mtima kwambiri ndi kudziyerekeza ndi mmene munaliri ngozi isanachitike. Mukatero tsiku lililonse muluza. Dziyerekezeni ndi mwezi watha. Gulani kakope, inu kapena gadiyani wanu azilemba, lero ndasamba ndekha, lero ndafika pachigayo nkubwerera, lero ndawerenga vesi mpaka kumapeto. Popeza mutu ukuiwala, tsiku loipa likabwera umakunamizani kuti palibe chasintha, kopelo ndi limene likutsutseni. Ndipo masiku oipa abwera ndithu, dzulo munali bwino lero mwangogona, sikuti mwabwerera m'mbuyo, nthawi zambiri mwangopyola muyeso dzulo lakelo.

Pumulani musanatope, osadikira mutu uyambe kaye. Foni ndi TV pang'onopang'ono. Mowa ndi chamba ayi, zimachedwetsa kuchira komanso zimatha kuyambitsa khunyu. Mankhwala a khunyu ngati anakupatsani musasiye nokha chifukwa choti mwatha mwezi osagwa.

Ndipo tisanamizane, kulimba mtima si kumwetulira tsiku lonse. Matenda okhumudwa amagwira anthu ambiri ovulala ubongo, sikuti chikhulupiriro chachepa. Pempherani inde, koma ngati kwa milungu iwiri simukugona, simukudya, palibe chikukusangalatsani, kapena maganizo odzipha akubwera, uzani munthu lero lomwe ndipo pitani kuchipatala. St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza za maganizo, ku Blantyre kuli Kachere pafupi ndi Queens kwa ofuna fizo, ndipo pachipatala cha boma lanu funsani namwino woona za matenda a maganizo.

Magadiyani, inu amayi, inu akazi ake, inu achimwene. Mawu oti "ndakuuza kale" asiyeni. Nenani chinthu chimodzi, dikirani ayankhe, musamumalizire mawu. Musamuchitire zonse, ngakhale mabatani a shati atenge mphindi khumi msiyeni amange yekha. Alendo odzazonda azibwera awiriawiri, osati mpingo wonse kudzaza pabalaza. Nanunso muzisinthana, gadiyani mmodzi chaka chonse amadwala nayenso.

Izi zokha musadikire nazo tsiku la chekapu: mutu ukupweteka moonjezereka, kusanza mobwereza, tulo tosadzutsika, kugwa khunyu, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, madzi kutuluka m'khutu kapena m'mphuno. Thamangani kuchipatala nthawi yomweyo. Za kubwerera pa njinga yamoto, kuyendetsa galimoto kapena mpira, dikirani adokotala avomere, chifukwa kumenyekanso kachiwiri ubongo usanachire ndi koopsa kuposa koyamba, ndipo mukakwera kabaza ngakhale ngati pasinjala, helimeti pamutu, lamba womanga.