Chikwama pampando, basi ya m'mawa ku Bristol

Moni nonse kulikonse komwe mukumvera, a ku Leeds, a ku Joni, ndi inu akumudzi amene mumadikira bandulo ya usiku. Mundikhululukire mawu asasa, ndangoweruka shifiti ya usiku ndipo sindinagone. Koma nkhaniyi yandikhala pakhosi, singadikire Lamlungu.

M'mawa uno ndinakwera basi miyendo itatupa, mukudziwa kale mmene imakhalira ukayenda m'makolido maola 12. Basi yodzaza, mpando wotsala umodzi wokha, pafupi ndi bambo ena achizungu achikulire. Atangondiona ndikubwera, ananyamula chikwama chomwe chinali pamiyendo pawo n'kuchikhazika pampandopo. Ndinawapempha mwaulemu. Anayang'ana pawindo. Nditabwereza, ndipamene ananena chapansipansi kuti anthu ngati ine tachuluka m'dziko lawo. Abale anga, manja omwewa ndi amene achezera usiku wonse kusambitsa ndi kutembenuza nkhalamba zinzawo!

Sindinatukwane. Mayi anga ku Ntcheu sanandilere choncho. Koma sindinasunthenso, ndinaima pomwepo n'kumawayang'ana. Dalaivala, mnyamata wakuda, anaona zonse pagalasi. Titafika pasiteji anazimitsa injini, nati basi sinyamuka mpaka chikwamacho chitachoka. M'basi monse zii. Chikwama chinachoka, ine n'kukhala.

Ndili pampandopo ndinkangoyang'ana nkhongo ya mnyamata uja, misozi ili lengelenge, chifukwa mumzinda uno munthu wa khungu lake sankaloledwa kugwira chiwongolero cha basi. Kuno sikunali chikwangwani choti akuda kumbuyo ayi. Kukwera ankakwera, ndalama zawo ankalandira, koma kampani ya Bristol Omnibus inkakana kulemba munthu wakuda kapena mmwenye ntchito ya udalaivala ndi ukondakitala. Mu 1963 Paul Stephenson, womenyera ufulu wa anthu akuda kuno, anaimbira foni kampaniyo kumupezera mnyamata wa ku Jamaica, Guy Bailey, mwayi wokayesedwa ntchito. Anavomera. Atadziwa kuti ndi wakuda, anamubweza. Stephenson, Roy Hackett, Owen Henry ndi anzawo anauza anthu kuti anyanyale mabasi. Kuyambira kumapeto kwa Epulo, miyezi inayi, anthu ankapita kuntchito wapansi kapena panjinga, ophunzira a payunivesite n'kuguba nawo limodzi. Pa 28 Ogasiti kampani inagonja, tsiku lomwelo Martin Luther King akulankhula kwa chinamtindi cha anthu ku Washington. Mu Seputembala Raghbir Singh anakhala kondakitala woyamba wosakhala mzungu. Nthawi imeneyo kwathu kukadali Nyasaland, mbendera yathu isanakwere. Lamulo loletsa tsankho linadzabwera mu 1965, la pantchito ndi nyumba mu 1968.

Mukadzafika pa depoti ya mabasi ya mumzinda muno, funani chikwangwani chowakumbukira. Ine ndinachidutsa chaka chathunthu ndikuthamangira shifiti, osachiwerenga.

Nzeru yonyanyala mabasiyi Stephenson anaitenga ku Montgomery, ku Alabama, m'dziko la America. Kumeneko ndiye tsankho linali la lamulo: azungu kutsogolo, akuda kumbuyo, ndipo kutsogolo kukadzaza wakuda ankayenera kunyamuka. Rosa Parks anakana pa 1 Disembala 1955, anamumanga. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake mtsikana wa zaka 15, Claudette Colvin, anali atakananso chimodzimodzi, ngakhale dzina lake silimveka kwambiri. Anthu ananyanyala masiku 381. Tawerengani bwino, chaka ndi masabata awiri, dzuwa ndi chisanu. Ankatengana pamagalimoto a anzawo, matchalitchi n'kugula ena, ambiri wapansi basi. Nyumba ya King anaiphulitsa ndi bomba, iwo osabwezera, mpaka khoti lalikulu linagamula kuti tsankho la m'mabasi n'losemphana ndi malamulo a dziko.

Chimene chimandigwira mtima ine si mayina akuluakuluwo. Ambiri mwa oyenda wapansiwo anali amayi antchito za m'nyumba, ophikira azungu, olera ana a azungu, ochapa. Anthu ngati ife ndendende. Bwana akanatha kuwachotsa ntchito m'mawa uliwonse, ana kunyumba akudikira chakudya. Sanali olimba mtima chifukwa choti analibe chotaya, ayi, anali nacho chambiri. Anangogwirizana kuti asakwere, ndipo wina akatopa mnzake ankamunyamula.

Nanga ife? Kuntchito kwathu kosamalira okalamba, sinditchula dzina, theka la ola la handover, nthawi yosiyirana ntchito posinthana shifiti, sililipidwa. Tsiku lililonse. Payslip ikabwera maola aperewera, ukafunsa akuti tiona mwezi wamawa, ukafunsanso amakukumbutsa mosekerera kuti viza yako ili m'manja mwawo. Ndiye tonse timangoti bola ndikutumiza kangachepe kumudzi. Timakadandaulira pa WhatsApp, m'mawa n'kukavomera shifiti yowonjezera tikumwetulira. Choipa kwambiri, wina akayesa kulankhula, mnzake wa kwawo komwe ndi amene amakamunenera kwa bwana kuti apatsidwe maola ambiri. Zimenezi zimandipweteka kuposa chikwama cha bambo aja. Achemwali, achimwene, munakwera ndege kuchoka ku Chileka kapena ku Lumbadzi mutagulitsa munda, kuti mudzadyerane masuku pamutu kuno? Bwanayo sakuopa mkwiyo wako, akuopa tsiku limene foni yake idzaitane anthu 10 onse n'kuyankha kuti ayi.

Ndikakumbuka minibasi za ku Limbe, anayianayi pampando, mwana wa munthu wosamudziwa ali pamiyendo pako, nkhuku pansi, kondakitala akukuwa, ndimalakalaka kwathu. Timapanikizana koma palibe amene amakuikira chikwama.

Ndiye ife asanu tagwirizana kale. Shifiti zathu za pa kontrakiti tigwira mokhulupirika, nkhalamba zathu sitizisiya, sizinatilakwire. Koma zowonjezera sititenga mpaka maola athu atabwezedwa, ndipo kalata tikulemba limodzi ndi a yuniyoni, mayina onse pansi. Mantha ndili nawo, sindinama. Loweruka masana tikumana kwanga, amene mukudziwa pakhomo bwerani ndi ma payslip anu a miyezi itatu yapitayi. Ufa ulipo, usipa unabwera ndi mlamu sabata yatha. Pano ndikaviike miyendo m'madzi otentha, 8 koloko usiku ndikulowanso.