Nyuzipepala imasanduka yachikasu chifukwa chiyani? Tiyeni tilowe mu labu

[Pa tebulo pali mapepala awiri]

Moni nonse. Taonani mapepala awiriwa. Ili ndi nyuzipepala yomwe yagona pawindo milungu yochepa chabe, yayamba kale chikasu. Ili linalo ndi pepala la thonje, lofanana ndi la nsanza lomwe mabuku ankalembedwapo zaka 400 zapitazo, ndipo ambiri mwa mabuku amenewo akadali olimba mpaka lero. Diso silingakuuzeni chifukwa chake akusiyana chonchi. Mu labu mokha ndi momwe pepala limaulula zam'mimba mwake.

Kalekale ku Ulaya mapepala ankapangidwa ndi nsanza. Cha m'ma 1844, Friedrich Gottlob Keller wa ku Germany anapanga makina opera mitengo, pepala n'kutsika mtengo. Koma mtengo uli ndi lignin, chinthu chomata timaulusi take kuti uime nji. Lignin ikakumana ndi dzuwa komanso mpweya imasintha mtundu.

[Kamera ili pafupi ndi dontho]

Pofuna kuigwira, timadontheza mankhwala otchedwa phloroglucinol osakaniza ndi asidi wa hydrochloric. Magolovesi ndi magalasi kaye, asidi ameneyu amawotcha. Dontho limodzi pa nyuzipepala... mwaona? Pafiira nthawi yomweyo. Pa pepala la thonje palibe chasintha. Dontholi limangonena kuti lignin ilipo. Akafuna kudziwa kuchuluka kwake, akufakitale amatenga phala la pepala n'kulithira potassium permanganate, mankhwala a mtundu wa pepo aja ena amawadziwa kuchipatala. Lignin ikachuluka imamwa mankhwala ambiri, ndipo zotsatira zake amazitcha nambala ya kappa.

Koma chikasu chokha sichipha buku. Mdani weniweni ndi asidi, ndipo apa mpofunika tifatse. Mu 1807, Moritz Illig analemba njira yothira utomoni wa paini ndi mchere wina wotchedwa alamu m'phala la pepala kuti inki isamayenderere. Inki inakhazikikadi. Chomwe sanachione n'chakuti alamu, akakumana ndi chinyezi, amabala asidi pang'onopang'ono, asidiyo n'kumadula timaulusi ta pepala mkati. Mumatsegula buku, mukangopinda kona kawiri, yathyoka ngati tsamba louma la fodya. William Barrow wa ku Virginia ku America ndiye analimbikira kusonyeza zimenezi m'zaka za m'ma 1950, poyeza mabuku akale ambirimbiri. Ine zimandikhudza ndikaganiza za makalata ndi mafayilo a nthawi ya atsamunda osungidwa ku National Archives ku Zomba, chifukwa analembedwa m'nyengo yomwe pepala la asidi linali ponseponse.

[Botolo, madzi ndi mita]

Kuyeza kwake n'kosavuta. Timadula pepala lolemera magalamu 2 tizidutswatizidutswa, n'kuliviika kwa ola limodzi m'mamililita 100 a madzi oyeretsedwa mwapadera. Osati apampopi, poti amenewo ali ndi mchere wawo ndipo anganamize mita. Kenako timamiza mita ya pH. Ikawerenga 7, ndiye pakatikati. Pansi pa 7 ndi asidi. Mapepala akale ofumbutuka nthawi zambiri amawerenga 4 kapena 5, ndipo musapeputse kusiyanako: kutsika ndi nambala imodzi n'kuchuluka kwa asidi kakhumi.

Kenaka pali ng'anjo. Timayeza pepala pa sikelo, n'kuliotcha pa madigiri 525. Timaulusi tonse timapsa, kutsala phulusa la dothi loyera ndi choko, zomwe amathira kuti pepala liwale. Tikakweza moto kufika pa 900, chokocho chimasweka, n'kutaya magawo 44 mwa 100 a kulemera kwake ngati mpweya. Kusiyana kwa mapulusa awiriwa kumatiuza kuti choko munali wochuluka bwanji. Ndipo choko ameneyu ndi mlonda wabwino, amazimitsa asidi asanaononge.

N'chifukwa chake muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 9706, wa mu 1994, umati pepala lokhalitsa likhale ndi pH ya pakati pa 7.5 ndi 10, choko wosachepera 2 peresenti, ndi nambala ya kappa yosafika 5. Lopambana mayeso amenewa limaloledwa kunyamula chizindikiro chonga 8 wogona cham'mbali.

[Envulopu ikutsegulidwa]

Tsopano onani ichi. Kachidutswa ka nyuzipepala kanasungidwa pamodzi ndi pepala loyera, ndipo kasiya chithunzi chake chofiirira, ngodya zinayi zonse zikuoneka. Asidi amasamuka. Ngati m'chikwama chanu satifiketi yakusukulu yagona moyang'anizana ndi nyuzipepala yomwe munatuluka dzina lanu, kazilekanitseni lero, chilichonse m'envulopu yakeyake, pamalo ouma.