Makalata Anu: Za Mapiritsi a Diazepam

Takulandirani omvera athu. Lero makalata awiri akufunsa za mankhwala amodzimodzi, ndiye tiwayankha pamodzi.

Yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ntcheu. Akuti: "Bambo akunyumba atamwalira ndinkasowa tulo, mtima unkangothamanga. Kuchipatala anandipatsa diazepam wa masabata awiri. Atatha ndinayamba kugula kwa mnyamata wina pamsika. Pano yakwana miyezi isanu, ndipo piritsi limodzi silikundigwiranso. Ndaganiza zongosiyiratu mawa. Kodi ndikulakwa?"

Mayi, pepani kwambiri ndi zovutazo. Maganizo osiyawo ndi abwino, koma chonde musasiye mawa. Diazepam, amene ambiri amamutchula kuti Valium, amagwira ntchito pofooketsa ubongo kuti munthu akhazikike mtima ndi kugona. Madokotala amamupereka kwa masabata awiri mpaka anayi basi, chifukwa thupi silichedwa kumuzolowera. Zoti piritsi limodzi silikukugwirani, kuzolowerako ndi kumeneko. Munthu amene wamwa miyezi ingapo akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera, amatuluka thukuta, tulo timasowa kuposa kale, ndipo ena amagwa n'kumaphupha ngati a khunyu.

Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapiritsi otsalawo, mukawauze adokotala zonse, za kumsikazo osabisa. Iwo azikuchepetserani mlingo pang'onopang'ono, mwina kwa masabata, mwina miyezi. Mnyamata wa pamsikayo musiyeni. Mapiritsi a m'kapepala opanda dzina, mungadziwe bwanji ngati ndi 5mg kapena 10mg? Mankhwalawa amagulidwa kufamase yovomerezeka, ndi kalata ya dokotala. Komanso, mayi, piritsi limagonetsa koma chisoni cha maliro silichotsa. Pachipatala chachikulu cha m'boma lanu mufunse namwino woona za matenda a maganizo, mucheze naye. Amene muli ku Mzuzu ndi Lilongwe, a chipatala cha St John of God amathandizanso pa uphungu wotere.

Yachiwiri ndi ya bambo woyendetsa kabaza wa njinga yamoto ku Lunzu. Akuti: "Adokotala anandilembera 5mg usiku uliwonse. Loweruka ndingamweko botolo limodzi? Nanga m'mawa ndingakwere njinga?"

Achimwene, botolo limodzilo ayi. Kaya ndi masese, kaya kachasu, mowa ndi diazepam zikakumana zimachepetsa kapumidwe, munthu n'kugona osadzukanso. N'chimodzimodzi ndi mankhwala ena opha ululu monga tramadol kapena okhala ndi codeine. Ngati mukumwa amenewa, adokotala adziwe.

Za njingazo, mankhwalawa amakhala m'thupi kupitirira tsiku lathunthu. Mutha kudzuka mukuona ngati muli bwinobwino, koma dzanja n'kuchedwa kufika pabuleki, kumbuyo mutanyamula mwana wa eni akupita kusukulu. Bwererani kwa adokotala muwauze ntchito imene mumagwira, aone ngati angakusinthireni mankhwala. Ngati kunyumba kuli agogo osowa tulo, kapena mayi woyembekezera kaya woyamwitsa, musawagawireko. Okalamba amachita nawo chizungulire n'kugwa, ndipo kwa mayiyo amafika kwa mwana.

Timve kaye nyimbo, tikabweranso tiwerenga ena.