Tsiku limene akapolo oposa 700 anathawa m'minda ya mpunga ku Combahee

[Pa kanema: chojambula chakale cha mu Harper's Weekly]

Tayang'anitsitsani chojambulachi. Chinatuluka mu nyuzipepala ya Harper's Weekly mu Julayi 1863, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili mkati. Sitima yankhondo ili pamtsinje, utsi uli tolotolo, anthu akuthamangira kumadzi. Mawu olembedwa pansi pake akutchula mkulu wa asilikali, James Montgomery. Dzina la mayi Harriet Tubman, mayi wakuda amene anathawa ukapolo n'kuthandiza ena ambiri kuthawa, mulibe, chonsecho ndi iwo amene anadziwa njira.

[Mapu a South Carolina]

Uwu ndi mtsinje wa Combahee. M'mbali mwake munali minda ikuluikulu ya mpunga, yolimidwa ndi akapolo m'madambo odzadza ndi udzudzu. Pulezidenti Abraham Lincoln anali atalengeza pa 1 Januwale 1863 kuti akapolo a m'madera oukira boma ndi mfulu, koma eni mindawo analibe nazo ntchito. Pepala palokha silikanatulutsa munthu m'munda.

Mayi Tubman anafika ku Beaufort, tauni ya ku South Carolina imene inali m'manja mwa asilikali a boma, mu 1862. Anasonkhanitsa gulu la akazitape, ambiri mwa iwo amuna othawa ukapolo odziwa mtsinjewo. M'gululi munalinso Walter Plowden. Amenewa ndi amene anathandiza kuti sitima zipewe mabomba amene adani anatchera m'madzi.

Usiku wa pa 1 Juni 1863 sitima zitatu zinanyamuka zitatenga asilikali, ambiri mwa iwo akuda amene chaposachedwapa anali akapolo. Ina, Sentinel, inatitimira mumchenga panjira. Ziwiri zinazo, John Adams ndi Harriet A. Weed, zinapitirira. M'bandakucha wa pa 2 Juni zinaliza mluzu.

Apa tiyeni tichedwepo, chifukwa mayi Tubman eni ake anafotokoza zimene anaona. Anthu anataya makasu. Mayi wina anathamanga atasenza mpunga ukadafuka nthunzi, mmene anauphulira pamoto, ana ali m'mbuyo atagwira chovala chake. Ena ananyamula nkhumba m'matumba, ena nkhuku zomanga miyendo. Maboti aang'ono otengera anthu kupita ku sitima atadzadza, otsala anawakakamira m'mbali poopa kusiyidwa, moti opalasa analephera kunyamuka. Mayi Tubman anayamba kuyimba. Anthu povomera anakweza manja m'mwamba, maboti n'kuchoka, kenako n'kubweranso kudzatenga ena.

Tsiku limenelo anthu oposa 700 anachoka mu ukapolo. Nyumba za mabwana, nkhokwe ndi zigayo za mpunga zinatenthedwa. Amuna ambiri mwa omasulidwawo analowa usilikali.

Nanga boma linawathokoza bwanji mayiwa? Anavutikira malipiro awo kwa zaka zoposa 30. Mu 1899 anayamba kulandira madola 20 pamwezi, koma ngati mkazi wamasiye wa msilikali komanso namwino. Za ukazitape sanaziwerengere. Kunena zoona, pamenepo boma linachita zochititsa manyazi.

[Zithunzi za mafayilo akale]

Mafayilo a penshoni omwewo ndi amene atithandiza lero. Msilikali wakuda akafuna penshoni ankafunsidwa kumene anabadwira, dzina la mkazi wake ndi la amene anali bwana wake. Katswiri wa mbiri yakale Edda Fields-Black anafufuza m'mafayilowa n'kupeza mayina ndi mabanja a anthu a ku Combahee. Kholo lake, Hector Fields, linali m'gulu la asilikali a ulendowu. Buku la Fields-Black lonena za nkhaniyi linapambana mphoto ya Pulitzer mu 2025.

Chaka chomwecho nyumba ya zojambula ya Gibbes ku Charleston inachita chionetsero cha nkhaniyi. Munali zithunzi zimene J Henry Fair anajambula ali m'mwamba, zoonetsa ngalande zimene akapolo anakumba ndi manja, zikadaonekabe m'madambo. Amisiri akuda anayamba kale kwambiri kujambula za mayi Tubman: Jacob Lawrence anamaliza zithunzi 31 za moyo wa mayi Tubman mu 1940. Mu 1974 amayi akuda omenyera ufulu ku Boston anayambitsa gulu limene analitcha Combahee River Collective.

[Pa kanema: Beaufort lero]

Mukadzafika kumeneko, mlatho wa pamsewu wa US 17 wowoloka Combahee umatchedwa Harriet Tubman. Ku Beaufort, pa tchalitchi cha Tabernacle Baptist, pali chiboliboli chawo chimene anachiumba Ed Dwight, ndipo anachivundukula mu 2024.