Mawu a M'mawa: Ukayenda Siya Phazi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero ndi Lachiwiri, pa 9 September 2025. Lachiwiri likubwerali nthawi ngati ino ambiri a ife tidzakhala tili pamzere, kudikira kuponya voti pa chisankho cha dziko lonse cha pa 16 September. Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa 1 Timoteo 2:1-2 ndi 4:7-8. Amene muli ndi Baibulo pafupi, tsegulani muwerenge nokha musanapitirize.

Ndiyamba ndi kuulula cholakwa changa, chifukwa sindingakuuzeni za mawu amene sanandipweteke ine poyamba.

Zaka ziwiri zapitazo adokotala anandiuza kuti BP yanga yakwera. Anati, "Bambo, mankhwala ndikupatsani, koma mchere muchepetse ndipo muziyenda." Anandiwerengera bwinobwino: mphindi 150 pa sabata monga amalangizira a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu, ndipo mchere usapitirire sipuni yaing'ono imodzi patsiku. Ndinayesa ndekha. Sabata yachiwiri isanathe bulangete linandigonjetsa, paja unali mwezi wa June. Amene anandidzutsa ndi aneba anga, mphunzitsi wopuma pantchito amene akulimbana ndi shuga. Tinapangana kuti 5 koloko m'mawa tizikumana pageti pawo, wochedwa azigogodedwa. Kuyambira pamenepo takhala tikuyenda kuchokera kwathu ku Zingwangwa, kukwera chitunda cholowera kuphiri la Soche, n'kubwerera dzuwa likutuluka.

Nthawi imeneyo mzinda umakhala ukudzuka kumene. Kumzikiti kumamveka kuitana kwa mapemphero, amayi amakhala atandanda kale ndi zidebe pa kiyosiki ya madzi, anyamata a makala akutsetsereka panjinga matumba atatu kumbuyo, phazi limodzi likukhula pansi m'malo mwa buleki. Miyezi ino tawonjezerapo china: galimoto zogona pamzere pa filing'i siteshoni, madalaivala atapinda mipando, ena atafunda zitenje za akazi awo. Ndipo pamtengo uliwonse, pakhoma lililonse, nkhope za ofuna mavoti zikutimwetulira.

Lachinayi lapitali aneba anga anatuluka atavala malaya a chipani chawo. Sindikuuzani mtundu wake, ndipo wanganso sindikuuzani. Tinayamba bwino, nkhani ya mtengo wa shuga ndi feteleza, wina akuti olakwa ndi awa, wina akuti ayi zinayamba ndi awo. Pofika pakati pa chitunda, mpweya utachepa, mtima utakwera, ndinalankhula mawu amene mpaka pano ndikawakumbukira ndimagwa nkhope. Ndinati, "Anthu a kwanu ndi mmene mulili, mumavotera mtundu osati nzeru."

Anaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, thukuta likutsika m'masaya, kenaka anangoti, "Achimwene, mwatero?" Anatembenuka n'kutsika okha.

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Zaka ziwiri ndakhala ndikusiya phazi pamsewu umenewo. Tsiku limodzi lokha ndinasiyapo mlomo, ndipo unanditsatadi mpaka kuchipinda. Lachisanu sindinapite pageti. Loweruka ndinati ndatopa. Lamulungu ndinaimba nawo nyimbo kutchalitchi ngati munthu wopanda mlandu. Madzulo ake mayi a kunyumba, akupakula nsima, anandifunsa osandiyang'ana n'komwe: "Bambo, tsiku lija anamwalira amayi anu, amene anathamangira bokosi ndi ndani? Amene anagona pa siwa masiku atatu ndi ndani? Ndi a chipani chanu?" Nsima ija ndinaidya koma sinatsike bwino.

Tsono tiyeni ku mawu. Paulo akulembera Timoteo, mnyamata amene anamusiya ku Efeso kuti ayang'anire mpingo. Efeso unali mzinda waukulu, wokhala ndi bwalo la masewero ndi malo amene anyamata ankakalimbitsirako matupi, choncho Paulo akamanena za chizolowezi cha thupi, Timoteo ankadziwa chimene chikunenedwa. Ena amawerenga vesi 8 ya mutu 4 ngati Paulo akunyoza thupi. Ayi ndithu. Akuti chimapindula, kungoti phindu lake lili ndi malire. Ndi Paulo yemweyu amene m'mutu 5 akuda nkhawa ndi m'mimba mwa Timoteo ndi kudwaladwala kwake. Thupi ili analenga ndi Mulungu, ndipo amene mwauzidwa kuchipatala kuti muziyenda, yendani, musamati pemphero lokha likwanira pamene mchere mukuthira ndi dzanja lonse.

Chimene chinandigwira ine ndi vesi 7, pamene akuti udzizoloweretse kuopa Mulungu. Kudzizoloweretsa. Mawu omwewo a pabwalo la masewero akuwatengera ku moyo wauzimu. Tsiku loyamba kukwera chitunda chija ndinapuma katatu, maondo akunjenjemera. Patapita miyezi iwiri ndinkakwera ndikucheza. Palibe chozizwitsa chinachitika, miyendo inangozolowera. Paulo akuti mtima nawonso ndi chimodzimodzi. Kuleza mtima, kugwira lilime, kukonda munthu amene sakuganiza ngati iwe, zimenezi sizigwa kumwamba tsiku la chisankho. Ukapanda kuzizolowera masiku wamba, tsiku la mkangano udzapezeka ulibe mpweya, monga ndinapezekera ine.

Ndipo masewero olimbitsa mtima amene Paulo akutipatsa ali m'mutu 2. Akuti poyambirira pa zonse pakhale mapembedzero, mapemphero ndi mayamiko chifukwa cha anthu onse, chifukwa cha mafumu ndi onse aulamuliro. Kumbukirani kuti masiku omaliza a Paulo mfumu ya ku Roma inali Nero, amene analamulira kuyambira chaka cha 54 mpaka 68, yemwe uja anazunza Akhristu moto utatentha mzinda wa Roma mu 64. Paulo sanamuvotere Nero. Panalibe amene anamufunsa maganizo. Komabe akuti mupempherereni. Nanga ife amene tapatsidwa pepala ndi cholembera kuti tisankhe tokha, tikanika bwanji?

Lamulungu usiku ndinayesa. Ndinagwada n'kunena kuti nditchula dzina la munthu amene aneba anga akumufuna, amene ine ndikamumva pawailesi ndimachepetsa voliyumu. Abale, pakamwa panalemera. Kupempherera "atsogoleri athu onse" n'kosavuta, n'chimodzimodzi kuyenda potsetsereka. Koma kutchula dzina lenileni, n'kupempha kuti Mulungu ampatse moyo, nzeru, alangizi oona mtima, ndi kuti ngati apambana alamulire bwino ngakhale zimenezo zidzasonyeze kuti ine ndinalakwitsa, chimenecho ndi chitunda. Ndinapuma katatu. Dzulo ndinayesanso, kunapepukako pang'ono. Pa mpando wa pulezidenti akupikisana anthu 17 chaka chino cha 2025. Sindikuti muwatchule onse lero. Tchulani mmodzi yekha, uja amene mtima wanu ukumukana.

Wina asandimve molakwa. Kupempherera mtsogoleri si kumuombera m'manja, ndipo si kutseka pakamwa zinthu zikamaola. Pa 8 March 1992 m'matchalitchi a Katolika m'dziko muno munawerengedwa kalata ya maepiskopi imene inanena poyera zimene aliyense ankangonong'ona: kusiyana kwa olemera ndi osauka, kumangidwa popanda mlandu, mantha olankhula. Anthu amenewo ankapempherera boma paguwa, ndipo analiuzanso zoona. Ziwirizi zimayendera limodzi. Chimene sichiyenda ndi pemphero ndi kunyoza mtundu wa munthu, chigawo chake, chilankhulo cha amayi ake. Icho ndiye ndinachita ine, ndipo icho n'chimene chadzaza m'magulu athu a WhatsApp ndi pa Facebook masiku ano, nthawi zina kuchokera kwa anthu omwewo amene m'mawa amatumiza vesi. Musanatumize uthenga uliwonse sabata ino, dzifunseni ngati mwauona ndi maso kapena mwangoulandira, ndiponso ngati mungauwerenge mokweza pamaso pa aneba anu.

Paulo akuperekanso chifukwa chake: kuti tikhale moyo wabata ndi wamtendere. Si nkhani ya kumwamba kokha. Ndi nkhani ya mankhwala kupezeka m'chipatala, mwana kuphunzira m'kalasi osati pansi pa mtengo, mlimi kupeza feteleza mvula isanagwe, dalaivala uja kugona kunyumba kwake osati mugalimoto. Ngati zimenezi tikuzipempherera, sitingakhale pakhomo tsiku limene atifunsa kuti aziyendetse ndani. Ndamva ambiri, makamaka achinyamata, akuti, "Onse ndi amodzimodzi, ndikavutikiranji padzuwa?" Kutopa kwanu ndikukumvetsa, inenso ndakhumudwapo kangapo. Koma ine ndinaima pamzere pa 14 June 1993, ndili ndi zaka 22, tsiku la riferendamu, pamene tinkasankha pakati pa nyali ya zipani zambiri ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi. Ndinaona agogo akubwera ndi ndodo kusanache. Chaka chotsatira, pa 17 May 1994, tinasankha pulezidenti pakati pa zipani zambiri. Ndipo inu achinyamata munaona nokha pa 3 February 2020 oweruza asanu akufafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, n'kutibwezera pamzere pa 23 June. Kuchokera nthawi imeneyo wopambana pa mpando wa pulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka. Dziko lino lavutika kuti voti yanu ikhale ndi kulemera. Talembetsa anthu oposa 7 miliyoni, ndipo aliyense amene adzatsale pakhomo adzakhala wasiyira ena kuti amusankhire.

Musaiwalenso kuti mapepala ndi atatu. Tonse maso ali pa pulezidenti, koma pali phungu, m'madera 229, ndiponso khansala. Ngalande yotsekeka imene ine ndi aneba timailumpha m'mawa uliwonse, zinyalala za pamsika, mlatho wa matabwa umene ana amawolokapo popita kusukulu, zimenezi zimayambira kwa khansala. Ambiri a ife dzina lake sitilidziwa n'komwe. Kwatsala sabata, funsani. Muyeso anaupereka kale Yetero kwa mkamwini wake Mose pa Eksodo 18:21: anthu odziwa ntchito, oopa Mulungu, okhulupirika, odana ndi phindu lachinyengo. Pamndandanda umenewo palibe mtundu, palibe boma lochokera, palibe kukoma kwa nyimbo ya kampeni.

Za ndalama ndi nsalu zimene zikugawidwa usiku, lamulo la zipani la 2018 limaletsa, koma tonse tikudziwa kuti sizinathe. Sindiweruza mayi amene walandira pomwe ana ake agona ndi njala, njala ndi yoopsa. Esau nayenso anali ndi njala yeniyeni, anachokera kuthengo atalefuka. Koma mphodza zija zinatha tsiku lomwelo, ukulu wake unapita mpaka kalekale, ndipo pambuyo pake anaufuna ndi misozi. Zaka zisanu n'zambiri. Mukalowa mobisika muja muli nokha ndi Mulungu wanu, amene anakupatsani kanthu sakuonani.

Dzulo, Lolemba, 5 koloko isanakwane ndinali pageti pa aneba. Ndinagogoda kawiri, ndikuopa kuti satuluka. Anatuluka atavala kale nsapato. Ndinati, "Aphunzitsi, ndinalakwa. Mawu aja anali oipa, ndikhululukireni." Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Masiku onsewa ndimadzuka n'kuvala, kudikira kuti mwina mugogoda. Shuga wanga wakwera, achimwene. Tiyeni." Tinakwera chitunda chonse osalankhulana. Pobwerera ndi pamene anandiuza kuti mawu onga omwewo anawamvapo ali mnyamata, atangoyamba ntchito kutali ndi kwawo, ndipo sanayembekeze kudzawamva kwa ine. Ndinalibe choyankha. Sanasinthe maganizo pa amene adzamuvotere, inenso sindinasinthe.

Tiyeni tipemphere. Atate wakumwamba, tikuyamikani potidzutsa ndi mpweya m'chifuwa ndi mphamvu m'miyendo. Tikupereka m'manja mwanu onse amene akupikisana, amene tikuwafuna ndi amene sitikuwafuna. Tikupempherera ogwira ntchito a MEC, aphunzitsi amene adzakhale m'malo oponyera voti, apolisi ndi asilikali, ndi amene adzawerenge mavoti usiku. Sungani anyamata athu kuti asagwiritsidwe ntchito yogenda ndi kuotcha. Gwirani lilime langa ndi zala zanga pafoni. Ndipo m'masiku odikira zotsatira, tipatseni kudekha. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.

Malo oponyera voti adzatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 4 koloko madzulo, choncho musadzadalire kupita dzuwa litapendeka. Chiphaso chanu chovotera chifunenitu lero, osati Lolemba usiku. A BP ndi a shuga, mudzamwe mankhwala ndi kudya kanthu musananyamuke, mudzatenge botolo la madzi ndi chipewa, dzuwa la September silinyengerera. Zovala za chipani zidzatsale kunyumba. Ife tapangana kale: Lachiwiri sitikwera chitunda, tidzayenda wapansi kupita kusukulu kumene tinalembetsa, ndipo podutsa tidzatenga agogo a kuseri kwa nyumba yathu amene maondo akuwavuta. Aphunzitsi adzawagwira dzanja, ine ndidzanyamula kampando.