Namondwe akapeza nkhondo ili mkati

Zikomo agogo a mfumu potipatsa bwaloli. Amayi ndi abambo, sinditaya nthawi, dzuwa lakwera kale.

Za namondwe Freddy wa mu 2023 sindingakuphunzitseni, munaziona nokha. Lero tiwoloke malire, tipite ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, tikaone zimene amayi ndi atsikana amakumana nazo namondwe akagwa. Kumeneko zigawenga zinayamba kuthira nkhondo mu Okutobala 2017 m'tauni ya Mocímboa da Praia. Nkhondoyo ili mkati, pa 25 Epulo 2019, namondwe Kenneth anagwera Macomia, Quissanga ndi chilumba cha Ibo, patangotha masabata asanu ndi limodzi namondwe Idai atasakaza mzinda wa Beira.

Tsono taganizani. Denga lasasuka, nkhokwe yagwa. Kuno tikanati tidikire galimoto ya chithandizo. Kumeneko ngakhale madzi ataphwa pamsewu, dalaivala amaopabe mfuti. Ufa ukachedwa, amalowa m'tchire ndani kukatola nkhuni, kukakumba chinangwa, kukatunga madzi? Ndi mayi ndi mwana wake wamkazi. Tchire lake ndi lomwelo mwabisala zigawenga. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch linanena mu 2021 kuti amayi ndi atsikana oposa 600 anabedwa m'chigawocho kuyambira 2018, ena n'kukwatitsidwa mokakamiza kwa zigawengazo.

Amayi kumbuyoko ndakumvani, mukuti kuno kulibe nkhondo. Zoona, ndipo Mulungu atisunge choncho. Achikulire pano akukumbukira anzathu aja anathawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo n'kudzakhala pakati pathu. Koma mverani izi. Idai atadutsa, m'boma la Nhamatanda, ku Mozambique komweko, munalibe kulira kwa mfuti, komabe amayi ena anauzidwa ndi atsogoleri a m'midzi kuti agone nawo kaye ndiye alandire chakudya cha chithandizo. Wogwira cholembera tsiku la kalembera wagwira mimba za mudzi wonse. Ndipo kaundula akamangofunsa mutu wa banja, mayi amene mwamuna wake anaphedwa kapena anasowa pothawa amatsala panja. Nkhondo ikafika pamudzi wotere imapeza njira yolambulidwa kale.

Ine chimene chimandiwawa n'chakuti zimenezi timazikamba madzi atafika kale m'khosi, anthu ali pamsasa kusukulu, chimbudzi chili chimodzi, usiku kulibe nyale.

Mvula isanagwe, tiyambire pompano. A mlembi, tatiwerengerani mayina a komiti yathu yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, timve kuti amayi alimo angati.