Menyu yosankhira disiki poyatsa kompyuta

Zikomo nonse pobwera. Akumbuyoko, mukundimva? Chabwino, tiyambepo.

Mukadina batani loyatsira, Windows kapena Linux siidzuka yokha. Choyamba kugwira ntchito ndi kapulogalamu kokhala m'makina mwenimwenimo: BIOS pa makompyuta akale, UEFI pa atsopanowa. BIOS imangowerenga mabayiti 512 oyambirira a disiki, ndipo mwa amenewo ndi 446 okha amene anasiyidwira pulogalamu yoyambitsira. Menyu singakwane pamenepo. N'chifukwa chake GRUB, pulogalamu yoyambitsira imene imaonetsa menyuyi pa Linux, imasiyapo kachidutswa chabe, kamene kamakaitana zotsalazo pena. UEFI ndi yochangamukako, imawerenga yokha mafayilo pa kagawo ka disiki ka FAT32, ndipo imasunga mndandanda wake wa zoti iziyambitsa, wotchedwa BootOrder.

Tsono tiyerekeze kuti wokonza menyuyo ndinu. Muli ndi madisiki awiri, ndipo nthawi zina mumalowetsamo fulashi. Mulembapo chiyani?

Ambiri amagwera apa. GRUB imatchula madisiki kuti hd0, hd1, hd2, potengera mmene makinawo awapezera tsiku limenelo. Dzulo Linux yanu inali pa hd1. Lero mwaiwala kuzula fulashi, fulashiyo yalowerera pamzere, manambala onse asuntha. Mwasankha mzere womwe uja wa masiku onse, koma sikirini yangokuuzani kuti fayilo sikupezeka. Disiki ilibe vuto, anzanga, menyu ndiyo yagogoda pakhomo lolakwika. Choncho manambalawa musawadalire. Gawo lililonse likamafomatidwa limapatsidwa chizindikiro chachitali chotchedwa UUID, ndipo chimenechi sichisintha ngakhale mutasinthanitsa mawaya. Uzani GRUB kuti izifufuza ndi search --fs-uuid. Kungoti mukakopera disiki yonse ku inzake, UUID nayo imakoperedwa, ndiye musazisiye zonse ziwiri m'makina amodzi.

UUID ndi ya makina, osati ya munthu. Pa sikirini lembani mawu oti aliyense amve: "Ubuntu, disiki yaikulu", "Windows ya ntchito", "Fulashi ya USB". Kawirikawiri munthu amawerengadi menyuyi pamene zinthu zasokonekera, mtima uli phaphapha. Nthawi imeneyo si yomuonetsa mizere khumi yofanana. Makanelo akale (kanelo ndi chimake cha Linux) alowetseni m'kamenyu kamkati.

Ee, mayi, funsani. Akuti bwanji osangoichotsa nthawi imene menyu imadikira kuti munthu asankhe? Funso labwino. Nthawiyo imaikidwa pa GRUB_TIMEOUT. Mukaika 0, makina amangopitirira, ndipo tsiku limene mudzafune kusankha china mudzavutika kuigwira menyuyo. Mukaika -1, amadikira mpaka kalekale. Ndiye ganizirani kompyuta imene imagwira ntchito popanda munthu pafupi: magetsi azima usiku, abweranso, iyo yangoima pa menyu kudikira chala cha munthu mpaka kucha. Ine ndimakonda masekondi 5, komanso mzere umodzi wodziwika woti uziyamba wokha. Ena amakonda kuti izikumbukira chimene anasankha komaliza. Pa laputopu yanuyanu palibe vuto, koma pa makina ogwiritsa ntchito anthu ambiri, ayi ndithu. Mukafuna kuyambira pena kamodzi kokha, pali lamulo la grub-reboot, kapena BootNext pa UEFI.

Za kiyibodi ndingodutsapo. Pa nthawiyi mausi musaiwerengere, ndipo makiyibodi ambiri a Bluetooth amakhala asanalumikizike. Mivi ndi Enter basi.

Ngati Windows yasowa pa menyu, musathamangire kufomata. Kuyambira GRUB 2.06, imene inatuluka mu 2021, os-prober, kapulogalamu kofufuza Windows ndi zina zotero kuti zilowe pa menyu, imabwera yozimitsidwa, ndiye muyenera kuiyatsa nokha. Zosinthazo lembani mu /etc/default/grub, osati mu grub.cfg, chifukwa imeneyo imalembedwanso nthawi iliyonse kanelo ikasinthidwa. Pa Debian ndi Ubuntu mukatero muyendetse update-grub.

Tiyeni tsopano tikhale awiriawiri pa makinawa. Yatsani makinawo fulashi ili momo, kenako zulani muyatsenso. Amene menyu yawo isinthe akweze dzanja.